Pudingi ya buledi wa dzana

Loweruka ndinapeza theka la buledi m'kabati, wouma moti ana anamukana ngakhale ndi tiyi. Ndinayamba ndamuyang'ana bwinobwino, chifukwa akakhala ndi timadontho tobiriwira ta nkhungu ndi wotaya basi. Uyu anali wongouma, ndipo wotere ndi amene ndimafuna. Amamwa mkaka koma osaphwanyika, pomwe wa lero amangosanduka phala.

Ndinadula masilayisi 6, kupaka majarini mbali imodzi, n'kuwaduladula tizidutswa tofanana ndi bokosi la machesi. Kenako ndinatenthetsa mkaka makapu 2 pamodzi ndi shuga masupuni akuluakulu 4.

Apa mpomwe ndinagwa nayo ulendo woyamba. Ndinaswera mazira mumkaka wowira, ndipo anapsa nthawi yomweyo n'kukhala timibulu. Masiku ano ndimaphula mkakawo n'kudikira uzizireko mpaka chala chizipirira ndikaviikamo. Ndikatero ndimathira mazira 3 omenyamenya kale, pang'onopang'ono, dzanja lina likutakasa. Ndimawonjezera sinamoni theka la supuni yaing'ono ndi kamchere.

Mphesa zouma n'zodula, choncho ndinatenga nthochi ziwiri zakupsa kwambiri. Mupoto wopaka majarini ndinayala buledi, pamwamba pake nthochi zoduladula, n'kuphimba ndi buledi wotsalayo. Ndinathira mkaka uja ponseponse, kukanikiza ndi foloko, n'kusiya mphindi 20. Mphindi zimenezi musazidumphe ayi. Mukapupuluma, mkati mumatsala madera ouma, pansi n'kukhala madzimadzi.

Mu uvuni imapsa pa madigiri 180 kwa mphindi 35 mpaka 40. Tsikulo magetsi kunalibe, ndiye ndinaphika ngati chigumu: makala ochepa kwambiri pambaula, ambiri pachivundikiro. Moto wapansi ukachuluka imapserera mkati musanagwire, chifukwa shuga ndi mkaka sizichedwa kupserera. Ndinkatembenuza poto pafupipafupi kuti kutentha kufike mbali zonse.

Patatha mphindi 45 ndinabaya mpeni pakati, unatuluka wopanda mkaka. Pamwamba panali pofiirira, ndipo ndikagwedeza poto pakati pankangonjenjemera pang'ono. Ndinaisiya mphindi 10 kuti igwirane ndisanadule.

Ana omwe aja anakana buledi m'mawa ankalimbirana za m'mphepete, zokhukhuta. Chidutswa chimodzi ndinabisira bambo awo, anadzadyera tiyi madzulo.