Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: Binokulo ya amalume

Gawo lapitali ndinalekezera pamene amalume anabwerera kwathu ku Domwe, m'boma la Angónia, kuchokera ku nkhondo, dziko la Mozambique litangolandira ufulu mu 1975. Ndalama sanabwere nazo. M'chikwama mwawo munali bulangete, kapu yachitsulo ndi binokulo yakuda, lamba wake wothetheka, galasi la kumanzere lili ndi kamng'alu.

Anaitenga pa msilikali wa Chipwitikizi tsiku lomwe anabisalira galimoto pamsewu. FRELIMO, gulu lomenyera ufulu lomwe amalume anali, inayambitsanso nkhondo kuno ku Tete mu 1968, ndipo zida zambiri zinkabwera pamutu kuchokera ku Zambia, ulendo wa masiku. Ndiye chogwidwa kwa mdani sichinkatayidwa: nsapato, mabotolo a madzi, mapu, wailesi, zonse zinkayamba ntchito yatsopano.

Koma si zonse zinali ndi phindu lofanana. Tsiku lina tili pachulu ndinawafunsa amalume chifukwa chake ankaikonda chonchi binokuloyo.

"Mphwanga," anatero, "Apwitikizi ankanyamula mfuti za G3, ife AK-47. Zipolopolo zake sizilowana. Ukalanda G3 popanda zipolopolo, walanda ndodo. Wailesi ikufuna mabatire. Koma iyi siidya kanthu. Imangofuna maso."

Ndi binokuloyo ankawerenga galimoto zili kutali, n'kudziwa ngati n'zoyenera kuziputa kapena kuzileka zidutse. Ankati anthu ambiri anapulumuka chifukwa choleka, osati chifukwa chowombera. Kamera akaipeza ankaipereka kwa akuluakulu osaitsegula, poti filimu ikaona kuwala zithunzi zimafa, pamene mwina muli nkhope ndi msasa wa adani.

Ine ndinkangosangalala kuonera ng'ombe za kutsidya zikubwera pafupi. Sindinkadziwa kulemera kwa chinthu chimene ndagwira.

Nkhondo yapachiweniweni itafika ku Angónia, kulandana zida kunabwereranso, tsopano pakati pa ana a dziko limodzi. Mfuti yomweyo, yunifolomu yomweyo, lero ili ndi awa, mawa ili ndi awo. Munthu sunkadziwa amene wakuimika panjira ndi wa mbali iti, ndipo zimenezi zimandipwetekabe mtima. Kupezeka ndi binokulo m'nyumba kunasanduka mlandu wa ukazitape. Amayi anawachonderera alongo awo mpaka anaikulunga m'thumba la feteleza n'kuikwirira kuseri kwa khola.

Mu 1986 tinathawira ku Dedza. Za ulendowo ndi mmene tinawolokera malire usiku ndidzafotokoza m'gawo likubwerali.