Phala la mwana lisamayenderere pa supuni

Mimba ya mwana wa chaka chimodzi ndi yaing'ono. Chakudya chokwana kapu imodzi ya mamililita 250, mwina kupitirirako pang'ono, chimaidzaza. N'chifukwa chake phala lamadzimadzi, lija lotheka kumwera m'kapu ngati tiyi, limapusitsa makolo ambiri. Mwana amakhuta, mimba n'kutukuka, koma chimene chalowamo chochuluka ndi madzi. Dzuwa lisanakwere wayambanso kulira njala, ndipo kusikelo mzere wake sukwera. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno anali opinimbira, ndipo kupinimbirako kumayamba kwambiri mwana asanakwanitse zaka ziwiri, nthawi imene phala ndilo chakudya chake chachikulu.

Muyeso wake ndi wosavuta. Tapani phala ndi supuni, muipendeke. Likamayenderera n'kudontha, ndiye kuti lachuluka madzi. Phala loyenera limakakamira pa supuni kenako n'kugwa pang'onopang'ono.

Nkhani imayambira pa ufa. Ufa woyera ndi wokoma pa nsima, koma pokonola ndi kuviika chimanga, madeya ndi kamtima ka njere zimachoka, ndipo m'menemo ndi mmene muli mafuta ndi michere yambiri. Wa phala ukhale mgaiwa. Koposa apo, sakanizani chimanga ndi soya monga achitira pa Likuni Phala: makapu 4 a chimanga, kapu imodzi ya soya. Soya musamugayitse wosakazinga. Wamuwisi ali ndi zinthu zolepheretsa thupi kugaya bwino zomanga thupi, amatupitsa mimba, ndiponso fungo lake mwana amalikana. Musankheni, mumukazinge pa moto wochepa kwa mphindi 15 mpaka 20 mukutakasa, mpaka asinthe mtundu n'kuyamba kununkhira. Akazizira mutikiteni m'manja kapena musinje mopepuka mu mtondo, mupete makoko, kenako musakanize ndi chimanga n'kupita nazo kuchigayo. Gayitsani wokwanira milungu itatu kapena inayi basi, pakuti ufa wamafuta ukakhalitsa umayamba kuwawa ndi kununkha.

Pophika, tengani masupuni akulu 4 odzaza bwino a ufawu ndi kapu imodzi ndi theka ya madzi. Sungunulani ufa m'madzi ozizira pang'ono kaye kuti usachite mibulu, muthire m'madzi otentha, muzitakasa mpaka liwire, kenako muchepetse moto liphikike kwa mphindi 15 kapena 20. Phala la mgaiwa lophulidwa msanga limamveka ufa mkamwa.

Amayi ena amadandaula kuti phala lolimbirako mwana wamng'ono limamuvuta kumeza. Musathiremo madzi. Tengani kasupuni kakang'ono ka chimera, chomwe chija timaphikira thobwa, muthire m'phala mutaliphula n'kulisiya lipole pang'ono, mutakase. Pakapita mphindi zochepa lifewa lokha, chifukwa chimera chimaphwanya sitachi wa mu ufa. Libwezereni pamoto liwirenso pang'ono kuti tizilombo timene tingakhale m'chimeramo tife. Ufa ukhala wochuluka monga munayikira, koma mwana ameza mosavuta.

Phala la ufa wokha silikwanira ngakhale likhale lolimba. Alangizi a zaumoyo amaphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, masamba, zipatso ndi zamafuta. Kadzutsa wabwino akhale ndi magulu atatu kapena anayi, otsalawo mwana adzawapeza masana ndi madzulo. Supuni imodzi kapena awiri a nsinjiro muthire phala lili pamoto kuti zipsere limodzi. Kasupuni kamodzi ka mafuta ophikira kamawonjezera mphamvu osawonjezera kuchuluka kwa phala. Dzira limodzi mulimenye pambali, mulithire m'phala lowira mukutakasa mwachangu, lipse kwa mphindi zitatu kapena zinayi; dzira losapsa lingamudwalitse. Usipa kapena bonya wouma mumukazinge pang'ono, mumusinje ndi mitu yomwe, musefe bwino kuti pasatsale minga, ndipo supuni imodzi ya ufa umenewu imapatsa mwana zolimbitsa mafupa ndi zowonjezera magazi. Ineyo ndimaona kuti ufa wa nsombawu ndi umene mabanja ambiri amaunyalanyaza, chonsecho ndi wotsika mtengo kuposa nyama. Masamba a bonongwe, nkhwani kapena cham'mwamba owumitsa pamthunzi n'kusinja, kasupuni kamodzi n'kokwanira; mukachulutsa phala limawawa, mawa lake mwana adzalikana lonse.

Pa mtedza pakufunika maso. Mtedza wofota, wofumbwa, wosintha mtundu kapena wowawa umakhala ndi chuku, ndipo poizoni wa chuku satha ndi kukazinga kapena kuphika. Amawononga chiwindi ndipo amasokoneza kakulidwe ka mwana. Mtedza wotsalira posankha wogulitsa, uja ambiri amati tipangire nsinjiro, ndiwo woyenera kutaya. Chimanga chowola n'chimodzimodzi.

Sikuti tsiku lililonse pakhale phala. Mbatata ya kholowa yofiira mkati, monga Zondeni, Kadyaubwerere kapena Chipika, ili ndi vitamini A wambiri woteteza maso ndi kulimbitsa chitetezo cha thupi. Iphikeni futali ndi nsinjiro, muiphwanye ndi foloko. Dzungu nalo limatero. Nthochi yakupsa yophwanyira pamodzi ndi theka la peyala ndi kadzutsa wa mphindi ziwiri pa tsiku limene moto wavuta. Mwana wopitirira chaka angadye chigumu cha nthochi ndi kapu ya mkaka wowiritsa kapena chambiko. Pamwamba pa zonsezi mupatseni chipatso cha nyengo yake, mango, papaya, gwafa wochotsa njere, lalanje kapena ufa wa malambe, chifukwa vitamini C amathandiza thupi kutenga ayironi, mchere wowonjezera magazi, wa mu soya ndi masamba.

Tiyi amachita zosiyana ndi zimenezo. Masamba a tiyi amatsekereza ayironi kulowa m'thupi, choncho kadzutsa wa tiyi ndi mandasi, amene wazika mizu m'matauni, amasiya mwana ali wochepa magazi. Zakumwa zotsekemera za m'mabotolo ndi tizakudya ta m'mapepala tija ta pa okala timapha chilakolako cha chakudya chenicheni ndi kuwononga mano. Shuga m'phala akhale wochepa kwambiri, kapena tsekemeretsani ndi nthochi. Mchere ukhale wa ayodini, kotsina chabe. Uchi usaperekedwe kwa mwana wosakwana chaka, ndipo mtedza wathunthu kapena chimanga chokazinga zingamutsamwe mwana wosakwana zaka zisanu.

Mwana wa miyezi 9 mpaka 11 amadya theka la kapu pa nthawi imodzi, wa miyezi 12 mpaka 23 amafika magawo atatu mwa anayi a kapu kapena kapu yodzaza, katatu kapena kanayi pa tsiku, akupitiriza kuyamwa. Mumupatse mbale yakeyake kuti muone chimene wadyadi. M'mbale imodzi ndi akuluake iye ndi amene amatsalira. Sambani m'manja ndi sopo, inu ndi iye yemwe, mukhale naye pansi, ndipo musamugwire mphuno kapena kumupanikiza pamiyendo pomudyetsa, chifukwa phala lingalowe kummero wa mpweya. Chakudya chatsopano akachikana lero, dikirani masiku awiri mumupatsenso pang'ono, chosakaniza ndi chimene anachizolowera. Phala lotsala limene lakhala maola opitirira awiri pamtunda musamupatse lozizira. Liwiritseninso mpaka litulutse nthunzi, ndipo ngati layamba kusasa, litayeni.