Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 4: Chifukwa Chimene Ndinasankhira Maphunziro a Zanyengo

M'gawo lapitalo ndinafotokoza za ubwana wanga kutsidya la kum'mawa kwa mtsinje wa Shire, m'dera la Mfumu Mlolo m'boma la Nsanje, ndipo ndinalekezera pamene ndinasankhidwa kupita kusekondale. Lero ndikufuna kuyankha funso limene achibale, anzanga ngakhalenso anthu ongokumana nawo m'minibasi amandifunsa akamva zimene ndikuphunzira: zinatheka bwanji kuti mtsikana amene anakhoza bwino masamu ndi sayansi pa mayeso a MSCE asiye unamwino ndi udokotala, n'kusankha kuphunzira za mitambo ndi mphepo?

Yankho lake likuyambira pa kumene ndinachokera. Bambo anga ndi Amang'anja ndipo mayi anga ndi Asena. Pachikhalidwe cha Amang'anja mwana amakhala wa kuchikazi, pamene pachikhalidwe cha Asena mwana amakhala wa kuchimuna, choncho abale a bambo amati ine ndine wa kwa mayi, ndipo abale a mayi amati ndine wa kwa bambo. Ndili wamng'ono nkhani imeneyi inkanditayitsa mtima, makamaka pamaliro ndi pamaukwati pamene anthu amakhala m'magulu motsata mtundu, koma nditakula ndinaona kuti mbali zonse ziwiri zimandilandira ndi manja awiri, ndipo chimene chimazimanga pamodzi ndi mtsinje. Onse amalima madimba madzi akaphwera, onse amadya makakana ndi milamba, onse amadziwa kukumba nyika m'dambo chaka cha njala, ndipo onse amathawa madzi omwewo. Munthu akandifunsa mtundu wanga masiku ano ndimayankha kuti ndine wa kuchigwa cha Shire, ndipo akafuna kumva zambiri ndimamufotokozera zonse ziwiri.

Mu Januwale 2015 ndinali mu Sitandade 5 pamene madzi osefukira anafika kwathu usiku. Sindibwereza za usiku umenewo ndi za moyo wa kumsasa chifukwa ndinazilemba kale m'gawo lachiwiri, koma pali chinthu chimodzi chimene sindinachitchule, chomwe chinakhala m'mutu mwanga zaka zambiri. Mvula inagwadi kwathu, koma siinali yoti n'kudzaza nyumba mpaka m'mawindo, ndipo akuluakulu onse ankanena mawu amodzimodzi akuti madziwo sanali athu, anali a Ruo. Mtsinje wa Ruo umachokera kuphiri la Mulanje, umalandira madzi a Lichenya, Likhubula ndi Thuchila, umatsata malire a dziko lathu ndi Mozambique, kenako n'kudzathira mu Shire pa Chiromo. Chaka chimenecho unasiya khwawa lake n'kudzitsegulira njira yatsopano kudutsa m'midzi ya ku Makhanga. M'dziko lonse anthu oposa 200,000 anasowa pokhala, ndipo boma linalengeza kuti maboma 15 agweredwa ngozi. Ine monga mwana ndinkangodzifunsa kuti ngati madziwo anayenda ulendo wautali chotero kuchokera kuphiri, bwanji panalibe munthu amene anathamanga patsogolo pake kudzatiuza.

Munthu woyamba kundiphunzitsa kuyang'ana kumwamba anali agogo anga aamuna, bambo awo a bambo anga. Iwo ankati mphepo ya mwera ikasiya ndipo ya mpoto ikayamba kuwomba motsatizana m'mwezi wa Novembala, ndiye kuti mbewu zikhale pafupi. Ankayang'ananso nyerere zikamasamutsa mazira, kutentha kwa mwezi wa Okutobala, ndi kabereke ka mango, chifukwa iwo ankakhulupirira kuti mango akabereka mopyola muyeso ndiye kuti kukubwera njala. Madzulo ankatisimbira za Mbona, amene kachisi wake ali m'nkhalango ya Khulubvi kufupi ndi boma la Nsanje, kumene makolo athu ankapita atavala nsalu zakuda kukapempha mvula ikachedwa. Ankatiuzanso za Napolo, chinjoka chimene amati chikamasamuka kuphiri kupita kunyanja chimagumula nthaka ndi kukokolola midzi, monga zinachitikira ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991. Mayi anga, amene ndi munthu wa mpingo kwambiri, sankakondwa kutimva tikubwereza nkhani zimenezi, koma sankalimba mtima kuletsa apongozi awo.

Lero ndikutha kusiyanitsa zimene agogo ankanena. Za mango ndimazitenga ngati nkhani yocheza. Koma za mphepo ya mpoto ankanena zoona ndithu, chifukwa mvula yambiri ya m'dziko muno imabwera pamene mpweya wa chinyezi wochokera kunkhalango za ku Congo wafika kuno, komanso pamene lamba wa mitambo amene amatsatira dzuwa watsikira kummwera kwa dziko lapansi. Agogo sanaonepo chithunzi cha setilaiti, komabe zaka zambiri zoyang'ana mbali imene utsi wa pamoto ukupita zinawafikitsa pa mfundo yomweyo imene ine ndikuilemba pamayeso. N'chifukwa chake zimandinyansa ndikamva munthu wophunzira akunena kuti anthu akumudzi sadziwa kanthu za nyengo. Amadziwa zambiri za thambo limene lili pamwamba pa mudzi wawo. Chimene sangathe kuona ndi mvula imene ikugwa kuseri kwa phiri, mtunda wautali kuchokera pamene iwo ali.

Kusekondale mphunzitsi wathu wa jogalafe anatisonyeza kapangidwe ka choyezera mvula pogwiritsa ntchito botolo lodula pakamwa ndi rula, ndipo anatiuza kuti milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pa malo otalika mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Anzanga analemba zimenezi kuti adzakhoze mayeso, koma ine ndinakhala tsiku lonse ndikuwerengetsera kuchuluka kwa madzi amene angatsike m'phiri ngati la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, pakagwa mvula ya mamilimita 100 usiku umodzi. Kuyambira pamenepo ndinayamba kusunga kope lolembamo mvula ya tsiku ndi tsiku, ndipo patchuthi ndinkalisiyira mng'ono wanga kuti azilemba za kumudzi. Anzanga ankamvera wailesi pofuna nyimbo ndi mpira, ine ndinkadikira mphindi zochepa zija za kumapeto kwa nkhani pamene amalengeza za nyengo ya mawa, mpaka anandipatsa dzina lonyoza loti Anamvula, limene ndinalilandira ndipo ena amandiitana nalo mpaka lero.

Zaka zanga za kusekondale zinakhala zaka za anamondwe. Mu Malichi 2019 kunabwera mvula ya Idai, mu Januwale 2022 kunabwera Ana, amene anawononga damu la Kapichira n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130 a magetsi, moti ife a Fomu 4 tinkawerenga ndi matochi, ndipo patangopita milungu yochepa kunabwera Gombe. Koma amene anatsimikiza maganizo anga ndi Freddy. Nditalemba mayeso ndinapita kukakhala kwa amalume ku Blantyre, ndipo ndinali komweko mu Malichi 2023 pamene matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Namondwe ameneyu anabadwira kutali kwambiri, kufupi ndi Australia, kumayambiriro kwa Febuluwale, anawoloka nyanja yonse ya Indian, anadutsa ku Madagascar, analowa mu Mozambique, anabwereranso m'nyanja kukatenga mphamvu, kenako n'kulowanso kachiwiri kufupi ndi Quelimane pa 11 Malichi asanafike kummwera kwa Malawi. Bungwe loona za nyengo padziko lonse linatsimikiza pambuyo pake kuti Freddy anakhala masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense amene anayezedwapo. Anthu amene anafa ndi amene sanapezeke m'dziko muno anapitirira 1,000.

Chimene chinandikhudza n'chakuti ulendo uno chenjezo linalipo. Akatswiri a pachilumba cha La Réunion, kum'mawa kwa Madagascar, amene ali ndi udindo wotsatira anamondwe a mbali ino ya nyanja, ankamuona Freddy tsiku ndi tsiku, ndipo nthambi yathu yoona za nyengo inalengeza pawailesi ndi pamafoni kuti kukubwera mvula yoopsa. Ine ndinawerenga uthengawo kwa amalume ndi azakhali, ndipo azakhali anandifunsa funso limene sindinathe kuliyankha: “Tsono iwe mwana, tichoke kapena tikhale? Ndipo tikachoka tipite kuti?” Uthengawo unali woona, koma unkanena za chigawo chonse cha kummwera ndi za mamilimita, pamene munthu amafuna kumva za khwawa limene lili kuseri kwa nyumba yake. Pakati pa katswiri amene wadziwa ndi mayi amene ayenera kunyamula ana usiku pali mpata waukulu, ndipo ndinaona kuti moyo wanga ndikufuna kuugwiritsa ntchito mumpata umenewo.

Nthawi yosankha maphunziro a kuyunivesite itakwana, kunyumba kunali mkangano. Amayi ankafuna unamwino, ndipo zifukwa zawo zinali zomveka, chifukwa namwino amadziwika ndi aliyense, ndipo ngakhale ntchito ya boma itachedwa amatha kupeza pogwira kuchipatala cha mishoni. Anandiuza kuti, “Mwanangu, mvula ndi ya Mulungu, iwe ukaphunzire zoti tidzadye.” Amalume anawonjezera kuti malo antchito kunthambi ya zanyengo ndi ochepa, ndipo sankanama. Bambo anakhala chete kwa nthawi yaitali monga mwa chizolowezi chawo, kenako anati chimanga chimene anataya mu 2015, mu 2019 ndi mu 2022 chikanakwana kundilipirira sukulu mpaka kumaliza, choncho ngati pali maphunziro othandiza kuti munthu adziwe nthawi yochotsa mbewu ndi ziweto kudimba, iwo sakuona chifukwa chondiletsera. Ndinalemba maphunziro a zanyengo pamalo oyamba, unamwino pamalo achiwiri pofuna kusangalatsa amayi, ndipo ndinasankhidwa kupita kuyunivesite ya sayansi ndi luso ya MUST, imene ili ku Ndata m'boma la Thyolo ndipo inatsegulidwa mu 2014.

Kwa munthu wokulira kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 m'mwezi wa Okutobala, Thyolo ndi dziko lina. Mwezi wa Juni ukafika kumabwera chiperoni, nkhungu ndi mvula yowaza zimene mphepo yochokera kunyanja imabweretsa kudzera ku Mozambique, ndipo ndinayenera kugula juzi yoyamba m'moyo wanga pakaunjika. Kunja kukayera phiri la Mulanje limaoneka bwino, ndipo ndimadziwa kuti mtambo wakuda umene wakhala pamwamba pake ukhoza kukhala madzi amene adzadutse pafupi ndi dimba la bambo anga. Maphunziro ake ndi olemera kuposa mmene anthu amaganizira. Ambiri amayesa kuti timangophunzira mayina a mitambo, koma nthawi yambiri timathera pa masamu, fizikisi ndi kulemba mapulogalamu a pakompyuta, chifukwa ulosi wa masiku ano umachokera ku mawerengero a kayendedwe ka mpweya, kutentha kwake ndi chinyezi chake. Atsikana m'maphunziro oterewa tidakali ochepa, ndipo pali anyamata ena amene poyamba ankaganiza kuti ndinasochera, koma nkhani imeneyo inatha zotsatira za mayeso oyamba zitatuluka.

Chilala cha 2024 chobwera ndi El Niño (kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific kumene kawirikawiri kumachepetsa mvula kuno), pamene boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa maboma 28, chinandiphunzitsa kuti ntchito imeneyi siithera pa madzi osefukira. Ulosi woti mvula idzachepa kummwera unatuluka nyengo yadzinja isanayambe, ndipo ndinaimbira foni bambo kuwapempha kuti achulutse mapira ndi mchewere m'malo modalira chimanga chokha. Anandimvera pang'ono chabe, anagawa munda pawiri, ndipo mbali ya mapira ndiyo inatidyetsa. Kuyambira pamenepo anthu oyandikana nawo amawatuma kuti andifunse za mvula, ndipo ndimasamala kwambiri poyankha, chifukwa ulosi wa nyengo yonse umanena za mwayi, sulonjeza, ndipo mlimi amene wamva lonjezo n'kutaya mbewu sadzakumveranso.

Cholinga changa ndikamaliza digiri ndi kugwira ntchito yolosera za kusefukira kwa mitsinje, makamaka Ruo, Mwanza ndi Shire, ndipo ngati mwayi utapezeka ndidzapitirize maphunziro a kayendedwe ka madzi. Sindili m'gulu la anthu amene amati vuto la kuchigwa lidzatha anthu onse akadzasamukira kumtunda. Amene amanena zimenezi sanaonepo chimanga cha m'dimba chimene chimabereka popanda feteleza pa dothi limene madzi omwewo asiya, saganizira za manda a makolo, ndiponso saganizira kuti mfumu imene yasamukira m'dera la mfumu inzake imasanduka mlendo. Kusamutsa nyumba kupita pamalo okwera n'kofunika, koma anthu adzapitirizabe kulima kumunsi, choncho adzafunabe munthu wowauza kuti madzi adzafika liti ndiponso adzafika pati. M'madera ena muli kale mitengo yoyezera madzi yopakidwa utoto wobiriwira, wachikasu ndi wofiira, ndipo anthu a kumtunda amaimbira foni makomiti a kumunsi madzi akafika pofiira. Ndikufuna kuti kafukufuku wanga wa chaka chomaliza adzakhale wowerengera maola amene madzi amatenga kuchokera m'munsi mwa phiri la Mulanje kukafika ku Makhanga pa mvula ya milingo yosiyanasiyana, ndipo ndayamba kale kufunsa aphunzitsi anga kumene ndingapeze mawerengero akale a mtsinje wa Ruo. M'gawo lotsatira ndidzafotokoza za ngongole ya boma ya ophunzira, ndi geni yogulitsa nsomba zouma za kwathu imene yandithandiza kulipira malo ogona.