Tsiku limene ndinapha bambo ake a Nowak

Dziko la Poland litalowa m'bungwe la European Union mu 2004, anthu ake ambiri anabwera kudzagwira ntchito ku Britain, moti m'nyumba yosungiramo katundu ya ku Peterborough kumene ndimagwira ntchito, iwowa ndiwo achuluka. M'mawa wina ndinamva kapitawo akuuza mnzake kuti bambo ake a Nowak amwalira usiku kwawo. Ine Nowak ndinkadziwa mmodzi yekha, mnyamata wamtali woyendetsa forklift, kagalimoto konyamulira katundu, amene ankandigawira soseji pa nkhomaliro, choncho monga munthu woleredwa bwino ndinayendera anzanga onse kusonkhetsa chipepeso mpaka envulopu inanenepa.

Ndinamupeza kukantini akudya mosangalala, ndipo mumtima ndinati azungu ndi olimba mtima pa maliro. Ndinavula chipewa, ndinagwira dzanja lake ndi manja awiri, n'kumuuza ndi mawu achisoni kuti tonse tamva za imfa ya bambo ake ndipo tili naye limodzi. Supuni inagwa pansi. Anatulutsa foni manja akunjenjemera n'kuimba ku Kraków, mzinda wa kwawo ku Poland, ndipo amene anayankha anali malemu omwewo, amoyo ndi athanzi, akukalipa chifukwa chowasokoneza akudya.

Mtima utakhala pansi ndiponso kantini yonse itatopa ndi kuseka, mnyamatayo anandikhazika pampando n'kundiphunzitsa. Nowak ndilo dzina la banja lofala kwambiri ku Poland, ndipo anthu pafupifupi 200,000 amadziwika nalo. Lotsatira ndi Kowalski, lochokera kwa osula zitsulo, limene akazi amalilemba Kowalska. Dzina la Nowak linachokera ku mawu akuti nowy, kutanthauza chatsopano, chifukwa kalekale mlendo akabwera kudzakhazikika m'mudzi, eni mudzi ankangomutchula kuti watsopano uja, dzinalo n'kukanirira mpaka kwa zidzukulu. Popeza mudzi uliwonse unali ndi obwera ake, a Nowak ambiri alibe chibale ngakhale pang'ono, ndipo dzina lomweli ndilonso lili patsogolo ku Czech Republic, kumene amalemba Novák, ndi ku Slovenia, kumene amalemba Novak. Zimene ndinachita ine zinali ngati kuima pa depoti ya mabasi ku Lilongwe n'kukuwa kuti a Phiri aferedwa.

Woferedwa weniweni anali mayi wina wa shifiti ya usiku, nayenso Nowak, amene sindinalankhulepo naye, ndipo nthawi imeneyo n'kuti atakwera kale ndege. Envulopu tinamusungira mpaka anabwerako, ngakhale kuti panali mkangano, pakuti bambo a ku Kraków aja atamva kuchuluka kwa ndalamazo ananena kuti mwini maliro ndi iwowo, popeza ndiwo anaphedwa pamaso pa anthu. Mpaka lero akaimbira foni mwana wawo amafunsa ngati Mmalawi uja watumiza chipepeso chawo.