Kudikira munthu pamene dzuwa lagwera: zimene ndagwira ku São Paulo

Mtima wanga wakhala pansi tsopano. Miyezi yonseyi zithunzi zanga za m'misewu ya São Paulo, ku Brazil, zakhala zikutuluka zothithikana: anthu, mabasi, mawaya a magetsi, njinga zamoto, mavenda ndi katundu wawo, zonse zikulimbirana malo, diso la woona osadziwa poti liime. Chimene chanditsegula mutu n'chachifupi kunena. Munthu sumuthamangira ndi kamera. Umayamba wapeza pamene dzuwa lagwera, n'kutchereratu kamera molingana ndi kuwala kwa pamenepo, kenako n'kuima duu mpaka wina alowemo yekha. Basi. Zotchera pa kamera n'zitatu: aperture (kukula kwa bowo lolowera kuwala), shutter (nthawi imene kamera imatsegukira kuwala) ndi ISO (mmene kamera imamvera kuwalako).

Ndinazigwirira ku Centro, pakatikati pa mzindawu, m'timisewu takale titatu tija, Rua Direita, Rua São Bento ndi Rua 15 de Novembro, momwe mumayenda anthu apansi okhaokha. Timisewuti tinalambulidwa mzindawu ukali kamudzi, ndiye n'topapatiza, koma nyumba zimene zinadzamangidwa m'mbali mwake n'zazitali zedi. Pali Martinelli ya 1929, pali Altino Arantes ya 1947 yotalika mamita 161, palinso mabanki akale amiyala yotuwa. Dzuwa silifika pansi lonse. Limalowera m'mipata, kamzere apa, kachigamba apo, kwina konse kuli mthunzi wa bii.

Tsono kamera ukaisiya kuti iganize yokha, imafuna chilichonse chikhale chotuwa pakatikati, osada kwambiri, osayera kwambiri. Ikaona mdima wochuluka chonchi imati kuno kwada, n'kulowetsa kuwala kwambiri. Zotsatira zake, kachigamba ka dzuwa kaja kamapserera n'kuyera mbee, munthu woima pamenepo nkhope yake n'kufufutika, pomwe mthunzi umasanduka wotuwa n'kuulula zonse zimene zinabisala: zidebe za zinyalala, zitseko zachitsulo za masitolo, miyendo ya anthu ena makumi awiri. Ukayeza kuwala pa miyala imene yawombedwa ndi dzuwa, n'kutseka pa manual kuti kamera isasinthe yokha, zinthu zimatembenuka. Tsiku lopanda mitambo ine ndimaika aperture pa f/8, shutter pa 1/500 ya sekondi, ISO pa 100, ndipo sindigwiranso. Mthunzi umagwa n'kumeza zonse. Amatsala ndi mayi mmodzi wa ambulera yofiira, kapena mnyamata wokankha ngolo ya makatoni, atatulukira mumdima ngati kuti msewu wonse ndi wake.

Apa ndi pamene maganizo anga akhala akuzungulira ngakhale ndikagona. Mumsewu sungauze basi kuti isunthe, sungapemphe khamu kuti lipatuke. Mumzinda wa anthu oposa 11 miliyoni palibe ngodya imene ingakhale yopanda anthu masana. Chokhacho chimene uli nacho chochotsera zinthu m'chithunzi ndi mdima. Kale ndinkaona mthunzi ngati vuto loti ndikakonze pa kompyuta madzulo, kuukweza kuti zonse zioneke. Lero ndikauona ndimasekerera, chifukwa theka la ntchito wandigwirira kale.

Focus, kutchera lenzi kuti chinthu chioneke chakuthwa, nayonso ndinasiya kuidandaula. Lenzi ya 28mm pa kamera ya full frame (ya sensa yaikulu), f/8, ukaiika pa mamita 3, chilichonse kuchokera pa mita imodzi ndi theka mpaka kutali chimatuluka chakuthwa mokwanira. Autofocus, yomwe kamera imadzitchera yokha, m'malo amdima ngati amenewa imafufuza uku ndi uku, pomwe ikupeza munthu wadutsa kale. Ndiye zonse zimakhala zokonzeka munthuyo asanabwere, chala chokha n'chimene chimadikira. Zili ngati kugwira ngumbi: suzithamangitsa m'mwamba, umadziwa chulu, umadziwa nthawi imene zimatuluka, n'kukakhala pa una ndi beseni lako.

Chinthu chimene palibe anandiuza n'choti kachigamba ka dzuwa kamayenda, ndipo kamayenda msanga. Dzuwa limasuntha madigiri 15 pa ola, ndipo ngati kuwala kukudutsa pampata wa pakati pa nyumba ziwiri zazitali, kusuntha pang'ono kumwambako kumakhala mamita angapo pansi. Ukapita kukagula khofi, pobwera upeza malo ako atsekeka. Ndayamba kulemba m'kabuku: ngodya yakuti, nthawi yakuti, dzuwa linagwera pa khomo lakuti. Komanso nyengo imasintha zonse. São Paulo ili pafupifupi pa mzere weniweni wa Tropic of Capricorn, madigiri 23 ndi theka kum'mwera. Mu June dzuwa la masana limakwera madigiri 43 okha, lili chakumpoto, kutanthauza kuti nyumba imaponya mthunzi wotalika pafupifupi ngati msinkhu wake. Mu December limadzaima paliwombo penipeni, mithunzi n'kubisala kunsi kwa mapazi. Choncho miyezi yozizirayi, imene anzanga am'kalasi amaidandaula, kwa ine ndiyo nthawi yokolola.

Ndayesa njira yomweyi m'malo amene alendo onse amapitako, ndipo sinandigwiritsepo mwala. Pa mlatho wa Viaduto do Chá ndimaima pamwamba n'kuyang'ana pansi ku chigwa cha Vale do Anhangabaú, komwe dzuwa likapendeka munthu amakhala kadontho koma chithunzithunzi chake n'kutalika katatu. Ku MASP, nyumba yosungiramo zaluso ya 1968 ija, imene mapulani ake anajambula ndi Lina Bo Bardi, yoima pa mizati yofiira, pansi pake pali bwalo la mamita 74 lopanda mzati pakati. Aliyense amawoloka Avenida Paulista n'kujambula nyumbayo yonse, chithunzi chimene chili kale pa mapositikhadi. Ine ndimalowa pansi pake mumthunzimo n'kuyang'ana kunja, kudikira anthu adutse m'mphepete momwe mdima ukumana ndi kuwala. Lamlungu, pamene Paulista amatseka kuti galimoto zisadutse, pamadutsa a njinga, ovina, oimba, olalikira, agalu ovala majuzi, moti sudikira nthawi yaitali.

Koma malo amene ndawakonda koposa ndi Minhocão, msewu wam'mwamba wa 1971 uja wotalika makilomita oposa 3, umene umadutsa pafupi kwambiri ndi mawindo a anthu. Kumapeto kwa sabata galimoto siziloledwa, anthu amakwera kukathamanga ndi kukawothera dzuwa pa phula. Pamwamba n'pabwino, makamaka chifukwa makoma akuluakulu a nyumba za m'mbali ali ndi zojambula zazikulu. Paja lamulo la Cidade Limpa, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2007, linachotsa zikwangwani zotsatsa malonda mumzinda wonse, ndiye kumbuyo kwa munthu wako sikukhala nkhope ya wotsatsa sopo. Koma pansi pa msewuwo ndi pomwe pali nkhani: mizati ya konkire, mdima wokhazikika, ndi kuwala kolowera cham'mbali pa malo okwerera basi. Ku Beco do Batman, kanjira ka makoma odzaza zojambula, ndinapitako n'kubwerako msanga. Ukajambula khoma limene wina anapenta, luso ndi la iyeyo, iwe wangonyamula.

Ndinganene mosaopa kuti njira iyi yaposa zonse zimene ndinaphunzitsidwa. Imathetsa ngakhale mantha. Amene amakuona utaima pamodzi nthawi yaitali, kamera ili kumaso anthu asanafike, amaganiza kuti ukujambula nyumba, ena amachita kuwerama kuti asakutchinge. Pamene wina wafunsa, Chipwitikizi chimene ndinakula nacho ku Angónia chimandikwanira kufotokoza ndi kumuonetsa chithunzicho, ngakhale amaseka kalankhulidwe kanga. Imathandizanso pa nkhani ya akuba. Kuno aliyense amakuchenjeza za anyamata a pa njinga amene amakwatula foni m'manja n'kuthawa, ndipo munthu woyenda maso ali pa kamera ndiye chakudya chawo. Ine ndimatsamira khoma, lamba wa kamera nditamukulunga padzanja, ndikuona aliyense wobwera. Ndikanakhala mphunzitsi, sabata yoyamba sindikanaphunzitsa china koma chimenechi.

Zimenezi n'zimene zimandipweteka ndi aphunzitsi athu a kosi yojambula zithunzi imene ndimachita Loweruka. Ndi munthu wodziwa, zithunzi zawo ndinaziona, koma milungu yonse yoyambirira tinathera pa kugawa chithunzi patatu ndi kuloweza mayina a ojambula a ku Paris ndi New York. Ndikafunsa kuti n'chifukwa chiyani zanga zikutuluka zodzaza, yankho linali lakuti ndiyenera kuumva msewu. Kuumva bwanji? Palibe tsiku limene anatitengera pa ngodya n'kunena kuti onani apa, yezani apa, imani apa. Ndikuganiza kuti anazizolowera kwambiri moti anaiwala kuti zimachita kuphunziridwa. Chodabwitsa n'choti zitsanzo zinali pakhomo pomwepa. Ku laibulale ya zithunzi ya Instituto Moreira Salles, yomwe inatsegulidwa pa Paulista mu 2017, ndinakapeza ntchito za anthu a Foto Cine Clube Bandeirante, gulu lomwe linayamba mumzinda uno mu 1939. Thomaz Farkas, German Lorca, Geraldo de Barros, m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 ankasewera kale ndi mithunzi, masitepe ndi mizere ya nyumba za São Paulo yemweyu. M'kalasi mayina awo anangotchulidwa modutsa.

Nthawi nayo sindili nayo. Maphunziro amene anandibweretsa kuno si a kujambula, ndipo maola amene dzuwa limakoma ndi omwewo amene ndimakhala ndili pa desiki. Mu June limalowa cha m'ma hafu pasiti faifi, koma ku Centro limakhala litachoka pansi kale nthawi imeneyo isanakwane, nyumba zitalitchinga. Ndikatuluka m'kalasi, kukwera sitima yapansi yodzaza, kutsikira ku São Bento, ndimapeza kwatsala kuwala pa nsonga za nyumba zokha. Ndiye zonse zimadalira Loweruka masana ndi Lamlungu, ndipo Lamlungu timisewu ta mabanki tija timakhala tii, kuwala kulipo koma wodutsa palibe.

Pali zina zimene sindinazimvetse, ndipo zikundivutitsa kuposa mmene ndimafunira. Uno ndi mzinda wa mvula yowaza ndi mitambo yotuwa, ndipo tsiku lotero njira yanga ilibe ntchito m'pang'ono pomwe, ndimangoyenda kamera ili m'chikwama. December akafika dzuwa n'kuima pamutu, kaya ndidzatani. Koma chachikulu n'china. Nditayala zithunzi zanga zabwino pamodzi, ndinaona kuti ambiri mwa anthuwo alibe nkhope. Ndi zithunzithunzi zakuda, misana, zipewa. Zimandipepukira chifukwa malamulo a Brazil amateteza chithunzi cha munthu, kuyambira m'malamulo aakulu a dziko a 1988, ndipo munthu wosazindikirika sangandidandaule. Koma mwina ndikungobisalamo. Pa Praça da Sé, patsogolo pa tchalitchi chachikulu chija, pamagona anthu ambiri opanda pokhala, ndipo dzuwa la m'mawa limagwera pa mabulangete awo mokongola kwambiri. Njira yanga imati yeza, tseka, dikira. Ndimaima, kenako ndimatsitsa kamera, osadziwa ngati ndi ulemu kapena mantha. Komanso mdima umene ndikuutamandawu ukumeza zinthu zomwe mwina ndizo São Paulo weniweni, phokoso lija, kuthithikana kuja kwa ku Rua 25 de Março komwe sungatambasule mkono. Mnzanga wina wa konkuno ataona zithunzizo anati n'zokongola, kenako anafunsa kuti ndinajambulira mzinda uti. Sindikudziwa ngati ankandinena kapena ankafunsadi, ndipo mpaka pano sindinaganize chomuyankha.