Hibernate inadya ngongole za amalume ku Lizulu

Amalume anga amagulitsa kachewere pa msika wa Lizulu, wa m'matumba osati wa tizidebe ayi, ndiye anthu ambiri amatenga pa ngongole, makamaka anyamata a tchipisi ndi aja okatsitsa ku Lilongwe. Zonse ankalemba mu hadikava inayake yakuda yothothoka chikuto. Ine ndi mtima wanga wabwinowu ndinati malume, zimenezi ndi zamakedzana, ndikupangirani sisitemu.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzira Java, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, mnzanga anali atandibwereka chibuku cha mapulogalamu chonenepa kwabasi, ndiye chaputala china chinali cha Hibernate. Amene simukuidziwa, ndi ija anayambitsa Gavin King mu 2001, ntchito yake ndi yoti usamatuluke thukuta kulemba pamanja SQL, chilankhulo cholamulira database, nkhokwe yomwe pulogalamu imasungamo zinthu. Umangolemba kalasi yako, kachigawo ka pulogalamu kofotokoza chinthu chimodzi, tinene Kasitomala, pamwamba nkuika @Entity, pa nambala yake @Id, basi yokha imakapanga tebulo ya mizere yolembamo zinthu mu database, ukati persist kenako commit munthu uja wasungidwa. Tsiku lomwe ndinaona tebulo itabadwa yokha mu database yanga ya MySQL ndinayenda mopepera pabwalo, nkhuku zinkachita kundipatukira.

Pa zokonzera pulogalamu bukulo linapereka mizere yoti ukopere, umodzi unali hibernate.hbm2ddl.auto, kutsogolo kwake create-drop. Ndinakopera mmene zinalilimo. Olemba mabuku ndi anthu ophunzira, ine wa ku Ntcheu ndikawatsutse ndine ndani.

Tinakhala usiku wa mu June, kuzizira kwa kuno mukukudziwa, akazi a malume akuwerenga mayina ine ndikutayipa zala zitauma gwa, wakuti matumba awiri, wakuti theka anapereka theka ayi. Zinatheka. Laputopu sindinkaizimitsa, ndinkangotseka chivindikiro, ndiye pulogalamu inkangokhala ili moyo, amalume mpaka kuyamba kunyada pa msika kuti masiku ano ngongole zawo zili mu kompyuta. Hadikava ija inapuma pa ntchito, ana anayamba kuithothola mapepala kuyatsira mbaula, palibe anawaletsa.

Kenako magetsi anazima tsiku lonse, batire nkutha. Atayaka ndinatsegula pulogalamu amalume ali chilili pambuyo panga, akufuna kudziwa za bambo wina wa minibasi. Matebulo onse analipo bwinobwino, okongola, koma mkati mbee. Ngakhale dzina limodzi.

"Mphwanga, anthu anga ali kuti?"

"Ikulodabe malume."

Sinkaloda chilichonse. Ndinathamangira chibuku chija, nkupeza kuti create-drop ija ikamayamba imagwetsa kaye matebulo omwe yawapeza nkumanga atsopano, ukaitseka bwino imagwetsanso, kaya uchoke mwaulemu kaya magetsi akuthamangitse zako zapita basi. Ndi yoyesera chabe. Pa zinthu zenizeni pali update yomwe imasiya data ili pomwepo, kapena validate yongoona ngati matebulo akugwirizana ndi makalasi ako. Ndipo zonsezi bukulo linalemba ndithu, koma mu kabokosi kakang'ono patsamba lotsatira. Patsamba lotsatira abale! Munthu amakuuza kuti mumtsinje muli ng'ona iwe uli kale pakati pa madzi?

Nkhani pa Lizulu siigona, pofika mawa lake mpaka a mbali ya Mozambique ya msewu anali atamva. Anthu omwe ankazemba amalume miyezi yonseyi anayamba kubwera okha kudzapereka moni, kugwira chanza ndi manja awiri. Wa minibasi uja anafika akumwetulira, akuti "akulu, ine ndinamaliza kale zija, ngati mukukayika taonani mu kompyuta."

Chomwe sankadziwa nchakuti akazi a malume zomwe anawerenga usiku uja zinakhazikika m'mutu. Anatuluka kuseri kwa matumba atamanga chitenje m'chiuno nkuyamba kumulakatulira, tsiku lomwe anatenga, matumba angati, mpaka malaya omwe anavala. Bambo uja anapisa m'thumba mwakachetechete. Ena angapo anapulumukabe, aja omwe mayina awo ankawerengedwa mayiwo atayamba kuwodzera.

Amalume anagula hadikava ina. Ndinawauza kuti ndasintha ndaika update, ndaphunziranso kusunga backup ndi mysqldump, sizidzachitikanso, iwo anangondiyang'ana nkunyowetsa chala, kutsegula tsamba loyamba, nkulemba dzina langa pamwamba penipeni, pambali pake ndalama zonse za opulumuka aja. Pano Loweruka lililonse ndimakweza matumba mu lole, ndipo amachotsera pang'onopang'ono ndi bolopeni yofiira.