Masiku awiri pa chilumba cha Islay, kumene wisiki amanunkhira utsi

Ndinanyamuka ku Glasgow m'mamawa wa Lachisanu, mwezi wa Seputembala, pa basi yodzera m'mbali mwa nyanja ya Loch Lomond ndi m'tauni ya Inveraray mpaka pa doko la Kennacraig, pamene ndinakwera chombo cha kampani ya CalMac chomwe chimayenda maola awiri ndi mphindi zingapo kukafika ku Port Ellen, pa chilumba cha Islay. Eni ake amatchula dzinali kuti Aila. Ndakhala ku Scotland zaka zingapo ndithu, koma wisiki ndinkangomuona ngati mowa waukali wa anthu a ndalama, mpaka tsiku lina pamene mnzanga wa kuntchito anandinunkhitsa kagalasi ka wisiki wa pachilumbachi wotchedwa Laphroaig, fungo lake nkundifikitsa m'khitchini ya agogo anga ku Dedza, momwe chimanga cha mbewu chinkapachikidwa kudenga kuti chikhale pa utsi. Chimene ndinayendera ulendowu chinali kukaona kumene utsi umenewo umachokera.

Kuchoka ku Port Ellen pali kanjira ka anthu oyenda pansi ndi apanjinga, kotalika makilomita osakwana 6, kamene kamadutsa pa mafakitale atatu otchezera wisiki: Laphroaig ndi Ardbeg, omwe anakhazikitsidwa m'chaka cha 1815, ndi Lagavulin wa mu 1816 amene ali pakati pawo. Onse atatu ndi nyumba zopakidwa laimu zoyang'ana kunyanja, ndipo dzina la aliyense linalembedwa pakhoma ndi zilembo zakuda zikuluzikulu zoonekera patali. Ndinasankha kuyenda wapansi, chifukwa munthu wopita kukalawa mowa alibe chifukwa chogwirira chiwongolero, ngakhale kuti oyendetsa galimoto amawathirira gawo lawo m'timabotolo kuti akamwere kumene akugona.

Ku Laphroaig ndi kumene ndinakhalitsa, ndipo ndi kumenenso ndinamvetsa nkhani yonse. Anatilowetsa m'chipinda chachikulu chozizira momwe barele wonyowetsedwa anali atayalidwa pansi kuti amere, wantchito akumutembenuza kuti mizu isalukanelukane. Nditatola njere zingapo nkuona timizu toyera tikutuluka, ndinazindikira kuti ichi ndi chimera, chimodzimodzi chomwe amayi a kwathu amakonza ndi mawere kapena chimanga pofuna kuphika thobwa kapena kufulula mowa wa masese. Kusiyana kwagona pa kaumitsidwe. Kwathu chimera timachiyanika padzuwa, pamene kuno dzuwa ndi losowa ndipo mitengo ya nkhuni ndi yochepa, choncho makolo a pachilumbachi ankakumba dothi lakuda la m'madambo lotchedwa peat, lomwe ndi zomera zimene zakhala zikuwolerana m'madzi kwa zaka zikwizikwi, nkuliumitsa kuti azisonkhera moto. Ndinaima pakhomo la ng'anjo, wantchito akuponyamo zibuma za dothilo ndi fosholo, utsi wochindikala ukukwera kukadutsa m'chimera chimene chinali pamwamba, ndipo jekete langa linanunkha utsiwo mpaka ndinabwerera ku Glasgow.

Malamulo a wisiki wa ku Scotland, omwe analembedwanso mwatsopano mu 2009, amanena kuti wisiki wotchedwa single malt, monga wa m'mafakitale atatuwa, apangidwe ndi madzi ndi chimera cha barele chokha pa fakitale imodzi, akhale m'migolo ya mtengo wa oak m'dziko la Scotland momwemo kwa zaka zosachepera 3, ndipo mphamvu yake isatsike pa 40 peresenti. Mowa ukasasa amautcheza kawiri m'miphika ikuluikulu ya mkuwa, ndipo apa ndinaona chinthu chimene chinandipatsa maganizo. Otcheza kachasu kwathu amanyadira mutu, madontho oyamba aukali kwambiri aja, pamene kuno mutuwo amaupatula pamodzi ndi zotsirizira zake nkuzibwezera mumphika, kuti m'migolo mulowe zapakati zokha. Zotuluka mumphikamo zimakhala zoyera mbee ngati madzi, ndipo mtundu wofiirira umabwera ndi mtengo wa mgolo, umene kawirikawiri umakhala woti unasungirapo bourbon, wisiki wa ku America.

Tsono kulawa. Anatipatsa timagalasi tamimba yotakata ndi kukamwa kopapatiza, natilangiza kuti tiyambe tanunkhiza kukamwa kuli kotsegula pang'ono, kenaka tipsontheko kadontho nkukasunga palilime tisanameze. Laphroaig wa zaka 10, wa mphamvu ya 40 peresenti, amayamba ndi fungo la mankhwala otsukira mabala ndi la ndere za m'nyanja, ndipo sindikudabwa kuti ena amabwerera pomwepo. Koma wopirira amapeza kutsekemera kofatsa pansi pa utsiwo, ngati kwa mbatata yootcha paphulusa imene khungu lake lapserera koma mkati muli bwino. Ardbeg wa zaka 10, amene ndinamulawa madzulo nditafika kumapeto a kanjira kaja, ndi wa 46 peresenti, wotuwa m'maonekedwe, ndipo utsi wake ndi wouma ngati wa makala, wotsagana ndi kuwawasa kwa ndimu ndi kuyabwa kwa tsabola. Nditathiramo madontho awiri a madzi ukali unatsika, fungo nkutseguka, ndipo kuyambira pamenepo sindinaonenso kuthira madzi ngati kuononga mowa.

Amene ananditenga mtima ndi Lagavulin wa zaka 16, wa 43 peresenti. Ndinamumwa nditakhala pafupi ndi zenera loyang'ana ku gombe kumene kuli mabwinja a linga la Dunyvaig, kunja kukuwaza mvula yamawawa. Utsi wake sukuthamangira munthu, umabwera pang'onopang'ono pamodzi ndi kukoma kwa zipatso zouma ndi kamchere kapatali, ndipo ukameza umatsalira kukhosi nthawi yaitali monga momwe fungo la moto limatsalira m'nyumba ya udzu m'mawa wa mwezi wa Juni. Zaka zolembedwa pabotolo ndi za wisiki wamng'ono kwambiri mwa onse amene asakanizidwamo, ndipo chaka chilichonse pafupifupi 2 peresenti ya zili mumgolo imauluka kudzera m'mtengo, zomwe eni ake amazitcha gawo la angelo. Nditawerengera zimene zimatayika pa zaka 16, mtengo wa botololi ndinasiya kuuona ngati wongokweza dala.

Loweruka ndinakwera basi kupita ku Bowmore, kumene kuli fakitale yakale kwambiri pachilumbachi, ya mu 1779, koma lilime linali litatopa ndi utsi wa dzulo lake, moti ndinangolawa kamodzi nkupita kukaona tchalitchi chozungulira chomwe chili pamwamba pa msewu waukulu wa tauniyo. Mafakitale atatu pa tsiku limodzi ndi ambiri kwa munthu wofuna kusiyanitsa bwino kakomedwe, ndipo ndikadzabwereranso ndidzayamba ndi Bunnahabhain, amene wisiki wake wambiri alibe utsi, kuti ndidzamve kukoma kwa barele payekha. Madzulo ndinakwera chombo ndili ndi botolo limodzi la Lagavulin m'chikwama, nditalikulunga m'jekete lonunkha utsi lija.